Kalata kwa Amayi pa Nkhani ya Chiliza cha Agogo

Johannesburg, 2 Ogasiti 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kuno ndadzuka, chifuwa chimene chinandigoneka masiku asanu mwezi wathawu chatha, ndipo ndabwerera ku ntchito ngakhale kuzizira sikunaleke. Mupereke moni kwa amalume ndi kwa alamu. Ndasankha kulemba papepala chifukwa mawu a pa WhatsApp aliyense amamvera payekha n'kufufuta, pamene kalata iyi ndikufuna kuti mlongo wanga aiwerenge mokweza, inu, amalume ndi mphwanga mutakhala pamphasa imodzi, ndipo asadumphe mzere ngakhale umodzi.

Mu Meyi ndinatumiza R4,500 pa Mukuru, ndipo mu Juni ndinawonjezera R2,000. Ndinafotokoza momveka kuti ndalamazo ndi za chiliza cha agogo: matumba khumi a simenti, njerwa, mchenga, malipiro a mmisiri ndi mwala wolembapo dzina lawo, kupatula R500 imene ndinati ipite ku masika a kumpingo m'malo mwa thumba la chimanga limene iwo ankapereka chaka ndi chaka. Munthu wa kwathu amene wafika kuno sabata yatha wandiuza kuti kumanda kulibe njerwa ngakhale imodzi, kuti simenti imene anaiona pakhonde ndi matumba atatu okha, ndiponso kuti pa tsiku la masika dzina la banja lathu silinamveke. Zimenezi zokha ndikanazipirira, pakuti ndikudziwa mmene zinthu zakwerera chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chatha. Chimene chandisowetsa tulo ndi mawu ena amene anawonjezera, akuti mwana wa mlongo wanga atadwala n'kumakomoka, mphwanga anamutengera kwa sing'anga kutsidya kwa Linthipe, analipira ndalama ndi mbuzi, ndipo anabwerako ndi dzina la munthu. Dzinalo akuti ndi la agogo a kuseri kwa mjigo aja, mnzawo wa agogo athu, amene anakhala nawo benchi imodzi m'Chigwirizano zaka zonse zimene ine ndikukumbukira, amenenso anasambitsa thupi lawo tsiku la maliro.

Amayi, ngati zimenezi n'zabodza, mundiuze ndipo ndidzapepesa kwa mphwanga pamaso pa amalume. Ngati n'zoona, ndiye kuti ndalama imene ndinaisunga kuti ilemekeze agogo yagula chinthu chimene iwo anachikana moyo wawo wonse.

Inu mukukumbukira bwino kuposa ine chaka chimene mwana wanu wachitatu anamwalira ali wakhanda, pamene abale a kuchimuna anabwera usiku kudzanena kuti tipite tikaombeze. Ine ndinali wamng'ono, koma sindinaiwale agogo atakhala pakhomo la nyumba, miyendo atatambasula kutseka njira, akunena kuti m'nyumba mwawo simudzatuluka tambala yokafunira munthu mlandu umene Mulungu yekha ndiye akuudziwa. Anthu anawanena, ena anati mwina iwo omwe ndiwo akudziwapo kanthu, koma sanasunthe. M'mawa mwake anavala bulauzi yawo yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, n'kupita kukaitana akulu a mpingo. Chifukwa cha kulimba mtima kwawo kwa usiku umenewo, mpaka lero palibe banja m'mudzimo limene timadutsana nalo osapatsana moni. Mphwanga anali asanabadwe, n'chifukwa chake ndikufuna amve nkhaniyi kuchokera pakamwa panu.

Mwanayo apite naye ku chipatala cha Nkhoma mawa lomwe kalatayi yafika, akamuyeze malungo ndi magazi, ndipo buku lake la kuchipatala mulijambule munditumizire. Ngati anamutema mphini, muwauze madokotala mosabisa. Ndatumiza dzulo R800 ya zimenezi zokha, m'dzina la mlongo wanga, ndipo wina aliyense asaikhudze. Chipatala chomwecho ndi chimene chinachotsa ng'ala m'maso mwa agogo, nabwerako akuwerenganso okha Buku Lopatulika lawo patatha zaka ziwiri akuwerengeredwa ndi ife. Iwo sanaonepo kusiyana pakati pa kupemphera ndi kukwera phiri lija kupita kwa dokotala, ankachita zonse ziwiri tsiku limodzi.

Ndibwerere ku ndalama. Kuchotsa matumba atatu a simenti, payenera kukhala patatsala zambiri, ndipo mbuzi imodzi ndi malipiro a sing'anga sizingamalize R6,500. Zotsalazo zili kuti? Iwe mphwanga, sindikukunena kuti ndiwe wakuba, ndipo ndikudziwa kuti mwana akamakomoka m'manja munthu amathamangira kulikonse, koma ndikufuna ulembe papepala ndalama iliyonse, tsiku limene unailandira ndi kumene inapita. Ukalemba upereke kwa amalume asayinire. Usaone ngati ndikukuchititsa manyazi, chifukwa umu ndi mmene tinaleredwera. Pitani mukatsegule Buku Lopatulika la agogo, lija lachikuto chosokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza, muone masamba a kumapeto. Mupezamo masiku athu obadwa ndi obatizidwa, ndipo pansi pake mupeza manambala olembedwa ndi pensulo: mtedza umene anagulitsa, chakhumi chimene anachotsa, ndi zotsala. Mayi amene sanapitirire sukulu ya m'mudzi ankasunga kaundula woposa wa anthu ambiri amene ndawaona kuno atanyamula makompyuta.

Mwambo umenewu unayamba agogo aamuna ali kuno ku Joni pa Wenela. Agogo aakazi eni ankatiuza kuti ndalama ikafika kuchokera ku migodi ankaigawa patatu asanagule ngakhale mchere: gawo la Mulungu, gawo la sukulu, ndi gawo la pakhomo. Gawo la Mulungu ankalimanga pa mfundo ya nsalu yakeyake n'kuliika mumphika wosaphikira pamwamba pa denga, ndipo ngakhale ndiwo zisowe, mfundoyo sinkamasulidwa kufikira Lamulungu. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu a ku Malawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi, agogo anakhala masiku osadziwa ngati amuna awo anali momwemo, ndipo amayi a Chigwirizano ankagona nawo m'nyumba akupemphera mpaka uthenga unafika woti ali moyo. Boma la Kamuzu litaletsa ulendo wa ku migodi chifukwa cha ngoziyo, ndalama ya ku Joni inaleka kubwera, koma magawo atatu aja sanaleke, anangosamukira ku mtedza ndi fodya. Gawo la sukulu limenelo ndi limene linaphunzitsa inu kuwerenga, Amayi, pa nthawi imene atsikana anzanu ankakwatiwa atangotha msinkhu, ndipo ndi limene linandilipirira ine mayeso a Fomu 4 bambo atatisiya. Choncho ndikamatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, ndikubweza ngongole ya mfundo ya nsalu ija, ndipo sindingalole kuti ibwezedwe mokhota.

Simenti yotsalayo muichotse pakhonde, muiike m'nyumba pamwamba pa matabwa, isagunde pansi kapena khoma, chifukwa ikauma ndiye kuti tataya kawiri.

Kuno ndimalandira kumapeto kwa mwezi, ndipo ndikachotsa lendi ya kachipinda kamene timagona anthu atatu, thiransipoti ndi chakudya, zotsala ndi zimene mumaziona. Masiku asanu amene ndinagona aja sanandilipire. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni, koma kuti mphwanga adziwe kuti R6,500 ndi miyezi ingapo yodzuka mdima usanache m'chisanu chimene kwathu sitichidziwa. Pamene ndinali chigonere, thupi likutentha, chimene chinkabwera m'mutu mwanga ndi mawu a agogo akuyambitsa nyimbo m'bandakucha asanagwire khasu, ndi fungo la utsi wa m'khitchini mwawo pamene tinkagwada pa dothi lozizira, ife ana tikusinza, iwo akutchula dzina la munthu aliyense wa m'banja mmodzimmodzi, ngakhale amene anali kutali ndi amene sankapemphera. Agogo aamuna anali a gule, ndipo anakhala kunja kwa mpingo mpaka tsitsi litachita imvi, koma sindinamvepo agogo akuwanyoza kapena kunyoza anzawo a kudambwe. Ankangowatchula m'pemphero m'mawa uliwonse, kufikira tsiku limene nkhalambayo inakakhala pa benchi ya kalasi pamodzi ndi ana a msinkhu wa zidzukulu zake. Ndinalira pa bedi paja, Amayi, chifukwa ndinazindikira kuti chimwalirireni iwo sindikudziwa ngati alipo amene amatchula dzina langa m'bandakucha.

Lamulungu ndikakhala kuti sindikugwira ntchito ndimasonkhana ndi anzathu a CCAP, ndipo timayimba m'Chichewa. Popita kumeneko ndimadutsa matchalitchi a Dutch Reformed, ndipo ndimakumbukira kuti amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896 anachokera m'dziko lomwe lino. Agogo ankanyadira kuti amayi awo anali m'gulu la atsikana oyamba m'mudzimo kugwira Buku Lopatulika lathunthu m'chinenero chathu litatuluka mu 1922. Kuchokera kwa iwo kufika kwa mwana amene wadwalayu ndi mibadwo isanu. Mwana wa m'badwo wachisanu ndiye amene tamutengera kokaombeza ndi ndalama ya chiliza cha agogo ake.

Za R500 ya masika ndizo zikundiwawa mwapadera, chifukwa ndalama imeneyo sinali yanga kapena yanu kuyambira tsiku limene ndinaitchula. Mu njala ya 2002, pamene anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndinaona ndi maso anga agogo akupungula ufa m'kambale kakang'ono tsiku lililonse kuti apatse mayi wamasiye wa kumunsi kwa dambo, ife tikudandaula kuti nsima yachepa. Chaka chotsatira, zokolola zitangolowa m'nkhokwe, thumba loyamba linapita ku masika tisanalawe n'komwe. Munthu wotereyu sitingamulembere mawu okoma pamwala pamene lonjezo lopangidwa m'dzina lake lili losakwaniritsidwa. Iwe mphwanga, R500 imeneyo ubweze ndi thukuta lako, kaya ugulitsa nkhuku kaya ugwira ganyu, ukapereke kwa msungichuma wa mpingo, ndipo lisiti lake ndilione. Imeneyi sindikutumiza ine kachiwiri.

Tsopano kwa inu amalume, ndi ulemu wonse. Inu ndinu mwini mbumba, ndipo ine sindingalamule pamene inu mulipo, koma ndikupempha kuti nkhani ya agogo a kuseri kwa mjigo isagone. Ndamva kuti ana ayamba kuwathawa panjira ndipo akapita kotunga madzi amayi amachotsa ndowa zawo. Mukudziwa zimene zachitikira nkhalamba zina m'dziko mwathu dzina lotere likangomveka, ena awotcheredwa nyumba, ena aphedwa, ndipo lamulo la boma limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mutenge Amayi, mphwanga ndi mkulu wa mpingo mmodzi, mupite kwawo masana anthu akuona, mukapepese, ndipo anyakwawa adziwitsidwe kuti banja lathu lawabweza mawuwo. Mutengeko nkhuku ndi shuga, mtengo wake ndibweza ine. Mlongo wanga azikawatungira madzi kufikira mudzi utazolowera. Ngati abusa ndi akulu a mpingo aona kuti mphwanga ayenera kulandira chilango, asathawe ndipo asasamukire mpingo wina chifukwa cha manyazi, akhale pansi alangizidwe monga ena onse.

Chiliza chiyambe chaima. Sinditumizanso ndalama ya simenti kufikira nditaona pepala la mphwanga losayinidwa, lisiti la masika, ndi uthenga wa amalume woti kupepesa kwachitika. Zikatheka zimenezi mwezi uno, kumapeto kwa Seputembala ndidzatumiza zokwanira matumba asanu ndi awiri otsalawo, kuti mmisiri amalize mvula isanagwe, ndipo ndalamayo idzafikira kwa mlongo wanga. Ndikufunitsitsa kudzakhalapo pa tsiku lotsegula chilizacho mu Disembala, ndikapeza tchuthi ndi ndalama ya basi, ndipo amene adzayambitse nyimbo pamandapo ndikufuna adzakhale agogo omwe tawanenezawo, ngati adzavomere.

Amayi, Buku Lopatulika la agogo lisatuluke m'nyumba mwanu ndipo ana asaliseweretse. Mulikulunge m'pulasitiki chifukwa cha chiswe. Bulauzi yawo yoyera ndi duku musapatse munthu kufikira nditabwera. Ndapatsira amene wanyamula kalatayi bulangete limodzi lanu ndi nsapato za mwana wodwalayo, mukalandira mundiuze, ndipo mundiuzenso zimene madokotala anena.

Ine mwana wanu woyamba,
ku Joni