Za mbalame ya miyendo khumi ija

Achimwene,

Kalata yanu yafika, pamodzi ndi nkhawa ya chithunzi chomwe alamu anu anakutumizirani pa WhatsApp. Mtima m'malo, mbalame ya miyendo khumi ija si ya ufiti. Ndi kambalame kaja koyenda pa masamba a nyika ku Elephant Marsh, kofiirira thupi, koyera kukhosi, chipumi chabuluu. Miyendo yake ndi iwiri basi. Inayo ndi ya anapiye anayi omwe bambo wawo wawapanira kunsi kwa mapiko pothawa nawo, miyendo yokha ili lendelende.

Ndati bambo, musayese kuti cholembera chaterereka. Kwa mbalamezi yaikazi ndiyo yaikulu, ndipo imakhala ndi amuna angapo. Ikaikira mazira anayi pa kachisa koyandama, imapita kwa mwamuna wina. Wotsalayo amafungatira yekha kwa masabata atatu ndi masiku pang'ono, n'kuleranso yekha. Chifukwa chake n'chakuti mazira ambiri amatha ndi ang'azi, njoka ndi madzi akakwera, ndiye yaikazi ikamangoikira osataya nthawi pa chisa, mtundu umapulumuka. Alamu anu asamve zimenezi, angayambe kukuwerengerani zaka zomwe mwakhala ku Johannesburg, n'kukupezerani wothandiza. Ine ndangochenjeza.

Zala za mbalameyi zitalizitali zija ndizo zimamwaza kulemera kwa thupi pa tsamba lonse kuti isamire. Mwanapiye akasowa pothawira amamira dala, mlomo wokha uli kunja kuti azipuma.

Adokowe akuda aja a mlomo wosakumana pakati nawonso si opunduka ayi. Mpatawo umabwera akamakula, ana alibe. Chakudya chawo ndi nkhono za m'madzi: amapana nkhono, nsonga ya mlomo wapansi n'kulowa kudula mnofu womata ku chigoba, nyama n'kutuluka chigoba chosasweka. Mukaona milu ya zigoba zopanda kanthu m'mbali mwa dambo, dziwani adutsapo ndi iwo.

Zondidetsa nkhawa ndi mbalame zija zouluka chapansipansi madzulo, mlomo wapansi wautali kuposa wam'mwamba ukung'amba madzi mpaka wagunda kansomba. Zimaikira pa mchenga weniweni wa m'Shire madzi akaphwa, popanda chisa, kadzenje chabe. Ng'ombe zikatsikira kukamwa zimaponda, boti la injini likadutsa mafunde amakokolola mazira.

Kuno ku Bangula kutentha ndi kuja mukukudziwa, udzudzu sukutipatsa tulo, namasupuni watseka podutsa mabwato, mchere wakweranso. Maliro a agogo a kutsidya munamva kale.

Azakhali anu akufuna kugwetsa msangu wa kudimba chifukwa nantchengwa yamangapo chisa, akuti ndi tsoka. Alembereni inuyo, ine sandimvera. Chisacho ndi mitengo masauzande, cholimba moti munthu angaimepo, khomo lili chapansi lomata ndi matope, ndipo ikachisiya mumalowa akadzidzi odya makoswe omwe akutha mapira awo omwewo, ndiye akagwetsa... pepala landithera apa.

Ndine mnzanu uja.