Chilengezo kwa makolo: msonkhano wa za kunenepa kwa achinyamata athu

Amayi ndi abambo a m'gulu lathu la makolo kuno ku Ulónguè, tikukuitanani ku msonkhano Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, pamalo athu a nthawi zonse.

Ambirife tinakula tikumva kuti mwana wonenepa ndiye wosamalidwa bwino. Koma thupi likapitirira muyeso pa msinkhu umenewu, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amatha kumuyamba munthu akadali wamng'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2022 ana ndi achinyamata oposa 160 miliyoni, a zaka 5 mpaka 19, anali onenepa mopitirira muyeso padziko lonse. Kuno ku Angónia nyemba, kabichi, nkhwani ndi mapichesi n'zosasowa, komabe mametikali amene timapatsa ana popita kusukulu akuthera pa tchipisi, mabisiketi ndi zakumwa zashuga. Zimenezi zikutiwawa mtima, ndipo tiyenera kukambirana za kamba woti mwana azinyamula kuchokera kunyumba.

Kudzabweranso namwino wodzayeza sikelo ndi msinkhu. Wachinyamata amafunika mphindi 60 tsiku lililonse zolimbitsa thupi, kaya ndi mpira, njinga kapena kuyenda ndawala, choncho tikamaliza zokambirana tidzapita kubwalo.

Mubwere nawo ana, atsikana omwe, ndipo chonde pasadzakhale wonyoza thupi la mwana aliyense. Aliyense atenge madzi akumwa.