Umboni wa wochira mmodzi sukwanira

Akonzi,

Malonda a mankhwala akuti amachiza shuga, BP ndi khansa achuluka pa wailesi ndi pa Facebook. Umboni wake umangokhala wa munthu wonena kuti anamwa n'kuchira. Zimenezo n'zosakwanira. Matenda ena amatha okha, BP imakwera n'kutsika, ndipo amene mankhwalawo anawawononga impso sitiwamva pa wailesi.

Kafukufuku wodalirika amagawa odwala m'magulu awiri mwa maere. Gulu lina limalandira mankhwala oyesedwawo, linalo limalandira akale kapena ofanana nawo maonekedwe koma opanda mphamvu. Wodwala ngakhalenso dokotala womuyeza sayenera kudziwa gulu limene munthu ali, chifukwa akadziwa, chiyembekezo chawo chimapotoza zotsatira. Olekera panjira nawonso amawerengedwa, poti kuwasiya kumakometsa mankhwala osagwira ntchito.

Katemera wa malungo wa RTS,S anadutsa njira imeneyi. Anayesedwa pa ana oposa 15,000 m'mayiko 7 a mu Africa, kuphatikizapo ku Lilongwe. Mwa ana a miyezi 5 mpaka 17 amene anabayidwa kanayi, malungo anachepa ndi pafupifupi 4 pa 10 alionse. Ofufuza sanabise kuti katemerayu sateteza kotheratu, n'chifukwa chake kugona m'neti sitinasiye. Dziko lino linayamba kumupereka mu 2019, ndipo bungwe la WHO linamuvomereza mu 2021.

Chonde, musanalandire malonda a mankhwala, muzifunsa chilolezo cha PMRA, bungwe la boma loyang'anira za mankhwala, komanso kumene zotsatira za kafukufuku wake zinasindikizidwa.

Wowerenga,
Lilongwe