Kalata Yotseguka kwa Mkulu wa Bungwe Loteteza Zachilengedwe la MEPA pa Mankhwala Otulutsira Mafuta Pansi pa Nthaka

Wolemekezeka Bwana Mkulu,

Nkhani ya mafuta a m'nyanja ya Malawi imati ikatentha, kenaka n'kuzirala. Mu 2011 kampani ya Surestream Petroleum inapatsidwa chilolezo chofufuza mafuta kumpoto kwa nyanjayi, ndipo pambuyo pake tinamvanso za RAK Gas, Hamra, Pacific Oil ndi SacOil. Chitsime chotulutsa mafuta ogulitsa sichinakumbidwebe. N'chifukwa chake ndalemba lero, chitsulo chisanalowe pansi, pakuti zimene ndikupemphazi zimavuta kuzilowetsa m'pangano losainidwa kale.

Chitsime cha mafuta chimakalamba. Poyamba mafuta amakwera okha chifukwa cha mphamvu ya pansi, koma otuluka motero ndi ochepa. Kenaka kampani imapopera madzi pansi kuti akankhe otsalawo. Ngakhale atero, m'minda yambiri ya mafuta oposa theka amatsalabe atakakamira m'timabowo ta miyala. Apa ndi pamene amabweretsa mankhwala otchedwa ma surfactant, amene amagwira ntchito ngati sopo pa mbale ya mafuta: amachititsa kuti mafuta aleke kumamatira, ayende ndi madzi. Ku Daqing m'dziko la China, kumene mafuta anapezeka mu 1959, amasakaniza mankhwalawa ndi alkali (mankhwala onga chidulo) ndi polymer (mankhwala okhuthalitsa madzi) n'kupopera pansi matani ochuluka. Ntchitoyi imabwera patatha zaka zambiri chitsime chikutulutsa, pamene lipoti loyamba la zachilengedwe laiwalika m'kabati, ndipo amene analisainira anapuma kale pa ntchito.

Pansipo si popanda zamoyo ayi. Mu 1926 Edson Bastin anapeza mabakiteriya m'madzi ochokera m'zitsime za mafuta za ku Illinois, ku America. Ena mwa iwo amapuma sulphate, mtundu wa mchere wokhala ndi sulphur, m'malo mwa mpweya umene ife timapuma, ndipo amatulutsa hydrogen sulphide, mpweya wonunkha dzira lovunda, umene umadya mapaipi ndi kupha munthu ukachuluka. Ku North Sea, nyanja ya ku Ulaya, vutoli linakula chifukwa chopopera pansi madzi a m'nyanja ya mchere, amene ali ndi sulphate wambiri, mpaka ku minda ngati Gullfaks anayamba kuthira nitrate kuti mabakiteriya a mtundu wina alande chakudya cha oipawo. Madzi a nyanja yathu alibe mchere wotere, ndipo kampani iliyonse idzakuuzani zimenezi mwachangu. N'zoona. Koma ma surfactant ambiri ali ndi sulphur m'thupi mwake, ndipo kwa tizilombo ta pansipo mankhwalawa ndi poizoni kwa tina, chakudya kwa tina. Amaboola khungu la mabakiteriya ena n'kuwapha. Ena amawadya n'kuswana. Zikatero mtundu umene unali wochepa umalamulira, mankhwala odula aja amatha mphamvu asanafike pa mafuta, ndipo madzi obwerera pamwamba amakhala osiyana ndi amene analembedwa m'lipoti. Madzi amenewo adzatayidwa kuti? Adzabwezedwa pansi, kapena adzasungidwa m'madamu ku Karonga ndi ku Nkhata Bay, kudikira mvula ya Januwale?

Pali phunziro lina lochokera ku Gulf of Mexico. Nsanja yokumbira mafuta ya Deepwater Horizon itaphulika mu 2010 n'kupha anthu 11, anathira m'nyanjamo malita pafupifupi 7 miliyoni a Corexit, mankhwala obalalitsa mafuta amene mtima wake ndi ma surfactant omwewa. Ankayembekezera kuti mafuta akaphwanyika timadontho, mabakiteriya awadya msanga. Koma mu 2015 gulu la Samantha Joye wa ku University of Georgia linaonetsa m'labotale kuti mankhwalawa anapondereza bakiteriya wotchedwa Marinobacter, wodya mafuta weniweni, n'kuchulukitsa wina wotchedwa Colwellia, amene amatha kudya mankhwalawo. Akatswiri ena anatsutsa, ndipo mkanganowo sunathe. Kwa ine chomwecho n'chokwanira: ngati anthu okhala ndi zombo zofufuzira ndi ndalama zotere akutsutsanabe, ife tisalandire mawu a wogulitsa mankhwala ngati umboni.

Nyanja yathu ndi yosiyana ndi Gulf of Mexico. Ndi yakuya pafupifupi mamita 700, madzi a pansi pa mamita oposa 200 alibe mpweya ndipo sasakanikirana kwenikweni ndi apamwamba, khomo lotulukira ndi limodzi lokha, mtsinje wa Shire. Cholowamo chimakhala zaka mazana. Ma surfactant amawononga makha a nsomba, ndipo usipa, utaka, chambo ndi mbuna zimene zinapangitsa UNESCO kulemba Lake Malawi National Park mu 1984 zilibe kothawira.

Lamulo lathu la kufufuza ndi kukumba mafuta ndi la 1983. Inu muli ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe lanu, ndipo mphamvu yovomereza kapena kukana malipoti ili m'manja mwanu. Igwiritseni ntchito motere. Chilolezo chokumba chisakhale chilolezo chopopera mankhwala. Ikafika nthawi imeneyo kampani ibwerenso kwa inu ndi lipoti latsopano, anthu a m'mbali mwa nyanja afunsidwenso. Dzina la mankhwala aliwonse ndi kuchuluka kwake zilembedwe poyera, osati kubisala kuseri kwa chinsinsi cha malonda. Ndipo chitsime choyamba chikadzakumbidwa, madzi ndi miyala yoyambirira zisungidwe ndi kuyezedwa mabakiteriya ake ndi akatswiri athu a ku UNIMA, Mzuni kapena MUST, mwa ndalama za kampani koma osati pansi pa ulamuliro wake. Popanda muyeso woyambawo, tsiku limene mpweya wonunkha udzatuluke, kampani idzanena kuti unalimo kale, ndipo inu mudzasowa choyankha.

Mudzamvanso za ma surfactant opangidwa ndi mabakiteriya enieniwo, monga rhamnolipid wa Pseudomonas aeruginosa ndi surfactin wa Bacillus subtilis, amene amaola msanga. Ndi abwinoko, komabe surfactin yemweyo amapha mabakiteriya ena, choncho nawonso ayezedwe m'madzi a nyanja ino, pa nsomba za nyanja ino, musanasaine.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi wa kunyanja