Amene mukufuna radiology ku America, chaka choyamba chija musachiiwale

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya madokotala achinyamata amene akufuna kukaphunzira ukatswiri wowerenga zithunzi za m'thupi ku America, uja amati diagnostic radiology, chifukwa zomwe ndikumaziona m'magulupu a WhatsApp ndi pa Facebook zikundidetsa nkhawa. Aliyense akungokamba za mayeso a USMLE basi, aja amene dokotala amalemba kuti aloledwe kugwira ntchito ku America, eti Step 1 ndiyovuta bwanji, Step 2 pamafunika malikisi angati, ngati kuti munthu ukangokhoza mayeso ndiye kuti walowa kale. Mayeso ndi ofunika, sindikukana ayi, koma alipo anthu amene amakhoza bwinobwino nkudzagwera pa zinthu zoti akadangokhala pansi tsiku limodzi kuziwerenga akadazidziwa, ndipo chachikulu mwa zinthuzo ndi ichi: radiology ku America salembera kamodzi, amalembera kawiri.

Ndifotokoze. Maphunziro a radiology enieniwo ndi a zaka 4, koma usanayambe umayenera kugwira kaye chaka chathunthu m'mawodi, kuona odwala, kugonera ku chipatala, zonse zija, nde zonse pamodzi zimakhala zaka 5. Tsono malo ambiri a radiology ndi aja amawatchula kuti advanced, kutanthauza kuti akakutenga mu March chaka chino suyamba July wa chaka chino ayi, umayamba July wa chaka chamawa, ndipo chaka chapakatichi ndi iweyo mwini wake ukadzipezere chipatala choti ukagwireko. Chikhoza kukhala preliminary medicine (kumawodi a matenda osafuna opaleshoni), preliminary surgery (ku opaleshoni) kapena transitional year imene umazungulira madipatimenti osiyanasiyana. Chimenechi chili ndi mafomu ake, ndalama zake, maintavyu ake, ndipo nthawi zina chimakhala mu mzinda wina kutalitali ndi kumene udzachitire radiology. Alipo mapulogalamu ena otchedwa categorical amene chaka choyambachi anachiphatikiza kale mkati, koma si onse, nde munthu uziyang'anitsitsa kuti pulogalamu imene ukulemberayo ndi ya mtundu uti. Ndipo musaganize kuti poti munagwira kale internship kwanu akuchotserani, malamulo awo kawirikawiri amafuna chaka chogwiridwa m'chipatala chovomerezeka ku America komweko kapena ku Canada.

Chomwe chimandiwawa ndi chakuti anthu amachitenga chaka chimenechi ngati chotolera panjira. Sichoncho. Transitional year makamaka amailimbirana kwambiri chifukwa si a radiology okha amene amaifuna, a dermatology, aja a matenda a khungu, ali pomwepo, a anesthesiology ena, aja ogonetsa odwala pa opaleshoni, ali pomwepo, ndipo ambiri mwa anthu amenewa ndi aja amalikisi apamwamba zedi. Nde tangoganizani munthu wochokera kunja, wofuna viza, walembera zipatala zitatu zokha za chaka choyamba poganiza kuti ndi zachabechabe. Radiology amupatsa, chaka choyamba alibe. Malo a radiology aja sangawayambe popanda kumaliza chaka chija, basi amayamba kuthamangathamanga sabata imene zotsatira za malo zimatuluka, mutu utazungulira.

Za mayesozo ndingodutsamo mwachangu poti ambiri mukuzidziwa. Kuyambira pa 26 January 2022 USMLE Step 1 sakuperekanso malikisi, amangoti wakhoza kapena walephera, nde maso onse a zipatala anasamukira pa Step 2 CK imene ikadali ndi nambala. Mayeso aja a Step 2 CS oyankhula ndi odwala ongoyerekezera anathetsedwa mu 2021, pano wophunzira kunja amalemba mayeso a Chingerezi otchedwa OET nkudzera njira zina zimene ECFMG inakhazikitsa. ECFMG ndi bungwe la ku Philadelphia limene limatsimikiza kuti dokotala wophunzira kunja kwa America ndi woyenera, ndipo musanawononge olo dola imodzi kaoneni kaye ngati sukulu yanu ili mu World Directory of Medical Schools ndi chizindikiro chosonyeza kuti ECFMG ikuivomereza. Mayeso amodzi okha kwa munthu wolembera kunja ankadya madola opitirira 1,000 mu 2025, ndipo ukalephera kulepherako kumakhalabe pa pepala lako la zotsatira, chipatala chilichonse chimaona. Ndiye zolemba mayeso moyesa mwayi kuti kaya zanga izo, ayi musatero.

Kenako pamabwera ERAS, njira ya pa intaneti yotumizira mafomu imene amayendetsa a AAMC, bungwe la masukulu a udokotala ku America. Zipatala zimayamba kutsegula mafomu chakumapeto kwa September, tsiku limodzi kwa onse, ndipo amene watumiza zonse tsikulo lisanafike amaoneka limodzi ndi anzake pamene wochedwa amadzapeza maintavyu ambiri atagawidwa kale. Apa ndi pamene ambiri ochokera kunja amapwetekera, osati chifukwa cha ulesi wawo koma chifukwa makalata amachedwa. Pulogalamu iliyonse ukhoza kuitumizira makalata okuchitira umboni osapitirira 4, palinso kalata ya ku sukulu kwanu yotchedwa MSPE, ndipo zonsezi amalemba ndi anthu ena amene ali ndi ntchito zawo, ena mpakana uwakumbutse kangapo. Yambani kupempha mu June, musamachite manyazi. Ndipo kalata ya dokotala wa radiology ikhalepo inde, koma ine ndimaona kuti kalata ya munthu amene anakuona ukusamala wodwala usiku pa wodi imalemera kuposa ya katswiri wotchuka amene unangokhala kumbuyo kwake milungu iwiri ukuyang'ana kompyuta iye akuwerenga masikani. Kalata yotereyi ndi imenenso idzakuthandize ku mafomu a chaka choyamba aja, chifukwa a medicine kapena a surgery sakufuna kumva kuti umadziwa kuona chotupa pa CT, akufuna kudziwa ngati angakusiyire odwala.

Palinso zimene amati masignal. Poti aliyense amalembera zipatala zambirimbiri, zipatalazo zinafika posadziwa kuti amene akuzifunadi ndi ndani, nde anakonza zoti wolembera apatsidwe tizizindikiro towerengeka, ku radiology kuli ta gold ndi ta silver, toti atumize ku mapulogalamu amene akuwafunitsitsa. Pano ndimaona anthu akutaya mwayi chifukwa chotengeka ndi mayina. Munthu tizizindikiro take tonse waponya ku Boston, ku San Francisco, ku zipatala zija zomveka dziko lonse, osafufuza nkomwe ngati zinatengapo wophunzira kunja kapena ngati zimathandiza za viza. Mapulogalamu ambiri amaika pa intaneti mayina ndi masukulu a madokotala amene akuphunzira pamenepo, tsegulani muone, ngati zaka zonsezo mulibe olo mmodzi wochokera kunja ndiye kuti akuuzani kale yankho.

Tsopano nkhani ya AI, nzeru za makompyuta zija, poti ndikudziwa kuti ena awerenga mpaka apa akuti kodi bwanji ukuvutikira ntchito yoti ikutha. Mawu amenewa si atsopano. Mu 2016 Geoffrey Hinton, katswiri wa makompyuta wa ku Toronto amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2024, ananena pagulu kuti anthu asiye kuphunzitsa madokotala a radiology chifukwa pomatha zaka 5 makina adzakhala akuwaposa. Zaka 5 zinakwana, zinanso zadutsa, ndipo zipatala za ku America zikudandaula kuti owerenga zithunzi akuperewera pamene masikani akungochulukirachulukira. Makinawo alipodi ndipo amathandiza, amatha kukankhira patsogolo sikani ya munthu amene akuoneka kuti magazi akutayikira mu ubongo kuti dokotala aione msanga, koma amene amasayina lipoti, amene amaimbira foni dokotala wa opaleshoni, amene amayankha zikalakwika, ndi munthu. Funso limeneli limabwera ndithu pa intavyu, ndipo amene amayankha kuti AI ndi zabodza amaoneka wosawerenga chimodzimodzi ndi amene amati itenga zonse.

Ndipo pa kalata ija umalemba wekha yofotokoza chifukwa chimene ukufunira radiology, chonde abale musalembe kapena kuonetsa kuti mukuthawa odwala. Ndi maganizo amene ali ndi anthu ambiri, eti radiology ndi kukhala m'chipinda chamdima chozizira bwino, kumamwa khofi, 4 koloko kunyumba. Amene akuwerenga kalata yanuyo ndi anthu amene amabaya singano m'chiwindi cha munthu akuyang'ana pa ultrasound kuti atenge kachidutswa kokayeza, amamwetsa odwala barium, mankhwala ooneka pa X-ray, nkumawajambula akumeza, amakhala pansi ndi mayi kumuuza kuti chomwe chaoneka m'bere chikufunika kuyezedwa, ndipo mankhwala aja obaya asanajambule CT akamuwenga munthu nkuyamba kubanika, amene amathamangira ndi iwowo. Usiku ma X-ray ndi ma CT a ngozi amangobwera osaleka. Ndi chifukwa chake chaka choyamba chija chilipo, munthu amene sanagwirepo m'mimba mwa wodwala appendix sangamvetse chimene dokotala wa opaleshoni akufuna kumva 2 koloko ya usiku. Komanso physics ikukudikirani, mayeso a Core a American Board of Radiology amene amalembedwa ukatha miyezi 36 ya radiology ali nayo yambiri, nde amene anathawira ku udokotala pothawa masamu akonzekeretu mtima.

Maintavyu amachitika kuyambira cha mu October mpaka January, ndipo chiyambire mliri wa COVID-19 mu 2020 ambiri ndi a pa intaneti, zomwe zinapeputsako wochokera kutali, bola awerengere bwino kusiyana kwa maola ndi kukhala ndi netiweki yosadukaduka.

Pomwe ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono ndi pa listi. Maintavyu akatha, iwe umalemba mapulogalamu motsatana kuyambira imene ukuifunitsitsa, nawonso mapulogalamu amalemba anthu motsatana, zonse zimapita ku NRMP, bungwe limene lakhala likuchita ntchito imeneyi kuyambira 1952, kenako kompyuta imalumikiza. Njira imene imagwiritsidwa ntchito pano anaikonza Alvin Roth ndi Elliott Peranson ndipo inayamba mu 1998, Roth yo anadzalandira Nobel ya zachuma mu 2012 limodzi ndi Lloyd Shapley pa nkhani zomwezi za kulumikiza anthu ndi malo. Mmene imayendera ndi kuti kompyuta imayamba ndi iweyo, imakuyesa pa nambala 1 yako, ngati kumeneko kwadzadza ndi anthu amene chipatalacho chinawaika pamwamba pako imakutsitsira pa nambala 2, choncho mpaka upeze malo, ndipo kuyesedwa pa nambala 1 sikukuchotsera kalikonse pa nambala 2. Ndiye nzeru zija anthu amapatsana zoti ika pamwamba kumene ukuganiza kuti anakukonda, zoti usaike chipatala chachikulu pamwamba ungataye zonse, ndi zabodza zenizeni. Lemba mmene mtima wako ukufunira basi. Olo wina wa ku pulogalamu akutumizire imelo yokoma bwanji yoti tinakusangalalira, imeneyo si pangano. Koma dziwaninso kuti zotsatira zake ndi pangano lomanga, kumene kompyuta yakuika uyenera kupita, nde malo amene sungakhaleko usawalembe nkomwe.

Ndipo apa ndi pamene chaka choyamba chija chimalowera mu listi. Pa pulogalamu iliyonse ya advanced imene waika, umamangirirapo listi ina yapadera ya zipatala za chaka choyamba, supplemental list, ndipo kompyuta imaiyang'ana pokhapokha wapeza malo a radiology amene listiyo yamangiriridwapo. Ukhoza kukonza malisti osiyana, kuti ngati ndapeza ku Chicago chaka choyamba ndiyambire zipatala za kufupi ndi Chicago, ngati ku Texas ndiyambire za kumeneko, kusamuka kawiri m'zaka ziwiri kumadya ndalama ndipo ngati uli ndi banja ndi chintchito. Ukaiwala kumangirira listi imeneyi kompyuta sikukumbutsa mwachifundo ayi. Lolemba la sabata ya zotsatira mu March umalandira uthenga wonena ngati wapeza malo, ndipo ukhoza kuuzidwa kuti wapeza mbali imodzi yokha, kumene wapezako amadzakuuza Lachisanu. Wopeza mbali imodzi amalowa mu SOAP, njira imene inayamba mu 2012 yogawira malo otsala, mmene umaloledwa mafomu 45 okha ndipo zonse zimatha pofika Lachinayi, iwe osaloledwa kuyamba kuimbira zipatala wekha, umangodikira foni ilire.

Za viza nazo zimakhudza mbali zonse ziwiri. Ambiri amapita pa J-1 imene amathandizira ndi a ECFMG omwewo, imafuna kalata yochokera ku unduna wa zaumoyo wa dziko lanu yonena kuti ukatswiri umenewu ukufunika kwanu, ndipo ukamaliza lamulo limati ubwerere kwanu zaka 2 pokhapokha utapeza chilolezo chapadera. Ena lamulo limeneli amaliona ngati chilango, ine sindiliona choncho, koma imeneyo ndi nkhani ya kalata ina. Viza ina ya H-1B imafuna kuti ukhale utakhoza Step 3, gawo lomaliza la mayeso a USMLE, ndipo si zipatala zonse zimene zimavomera kuivutikira. Nde pofufuza za viza musafunse ku radiology kokha, funsaninso chipatala chilichonse cha chaka choyamba chimene mukufuna kuika pa listi, chifukwa zimachitika kuti cha radiology chimathandiza viza koma cha preliminary cha mu mzinda womwewo sichitenga munthu wofuna viza olo mmodzi.

Ndine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu