Seva ikakana kuyamba, werengani uthenga wake

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Mbare, muno mu Harare, chifukwa zikundidetsa nkhawa kuona achinyamata athu ophunzira za mawebusayiti akutaya nthawi pachabe. Sabata yatha mwana wa mchemwali wanga anafufuta Nginx yonse, pulogalamu ya seva imene imatumiza mawebusayiti kwa owafuna, chifukwa sevayo inkakana kuyamba n'kumalemba kuti "Address already in use", chonsecho vuto linali lakuti Apache, pulogalamu ina ya ntchito yomweyo, inali itagwira kale port 80 (port ndi khomo la nambala limene pulogalamu imalandirirapo mauthenga), ndipo Nginx sikanatha kugwiritsa ntchito khomo lomwelo. Lamulo la sudo ss -ltnp likanamuonetsa pulogalamu imene inagwira port imeneyo, iye n'kungoiyimitsa.

Uthenga wa "Permission denied", wonena kuti mulibe chilolezo, ndi nkhani ina, pakuti pa makompyuta oyendera Linux ma port osafika 1024 nthawi zambiri amafuna mphamvu za root, yemwe ndi woyang'anira wamkulu wa kompyutayo. Ndikupempha aphunzitsi athu kuti aziwaphunzitsa anawa kusiyanitsa mauthenga awiriwa.

Ine wowerenga wanu,
Mbare, Harare