Kodi tikutumikira Mulungu kapena kamera?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa zimene zakhala zikundisowetsa mtendere chiyambire mwezi wa June pomwe mayi anga anagonekedwa kuchipatala kuno ku Zomba. Ndinali gadiyani wawo masabata atatu, ndipo amene anakhalapo gadiyani akudziwa kuti ndi moyo winawake, kudzuka 4 koloko kukatenthetsa madzi, kuphika utsi uli m'maso, chisanu chochokera kuphiri chikulowa mpaka m'mafupa, nde uli pomwepo umaona zambiri zoti munthu wongodutsa pa nthawi yoona odwala sangazione.

Mu wodi mwathumo munali agogo ena aakazi ochokera cha ku Jali, analibe owadikirira, akuti mwana wawo anangowasiya n'kunena kuti akukasaka ndalama ya thiransipoti, mpaka pomwe timatuluka sanabwerenso. Amene ankawasamala ndi mayi wina wa Mvano wa ku Chinamwali, wachikulire ndithu, miyendo yake yomwe yotupa. Lachinayi ankabwera atavala yunifolomu, masiku enawo chitenje basi, atanyamula fulasiki ya phala ndi kabeseni. Ankawasambitsa agogowo, kuwachapira zovala zoti ena a ife kungoziona tinkatembenuka, kuwadyetsa ndi supuni pang'onopang'ono uku akuwacheza ngati mayi ake omubala. Tsiku lina ndinamufunsa kuti amayi, kodi ndi abale anu? Anangoseka n'kuti ayi mwanangu, ndinawapeza momwemuno nditabwera kudzaona munthu wina. Foni yake inali ya mabatani, yomanga ndi labala.

Nde tsiku lina Loweruka kunabwera gulu lina, sinditchula mpingo, onse matisheti ofanana, chikwangwani chachikulu, mnyamata wina kamera ili pakhosi. Anabweretsa sopo ndi shuga, zinthu zabwino ndithu sindikunyoza, ifenso tinalandira ndipo shugayo tinamwera tiyi. Koma abale, paketi imodzi ya shuga anthu asanu ndi awiri kugwirira, aliyense akufuna nkhope yake ioneke, agogo aja akudzutsidwa kutulo kuti akhale tsonga ajambulidwe, osawafunsa n'komwe ngati akufuna, bulangete lagwa mwendo uli pamtunda iwo ali kalikiliki kujambula. Mphindi 20 sizinakwane atuluka, madzulo ake zithunzi zili mbwee pa Facebook ndi vesi pamwamba. Zinandiwawa. Akanakhala mayi anga bwenzi titayambana.

Ineyo si m'busa, ndimangogulitsa mahadiweya mutauni muno, koma Baibulo langa ndimawerenga, ndipo pa Mateyu 6 Yesu ananena poyera kuti popereka zachifundo dzanja lamanzere lisadziwe zomwe lamanja likuchita. Ena andiyankha kuti nanga Mateyu 5 uja wonena kuti kuunika kwanu kuwale pamaso pa anthu? Eya, koma vesilo timalidula pakati, limatha ndi mawu oti alemekeze Atate wanu wakumwamba. Sindinaonepo munthu akulemekeza Atate pansi pa mapositi amenewa, ndemanga zonse zimakhala zoti mwachita bwino bwana, mudzaimire ukhansala.

Takumbukani za namondwe wa Freddy mu March 2023. Madzi atasefukira, nyumba zikugwa, anthu akuthawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, amene anayamba kuthandiza ndani? Anali anyamata a kabaza omwe timawanyoza aja, amayi apamudzi omwe anagawa ufa wawo womaliza, aneba omwe anasunga mabanja awiri atatu m'nyumba ya zipinda ziwiri. Magalimoto a zikwangwani anafika pambuyo. Anyamata, amayi ndi aneba aja palibe anawalemba munyuzi yanu a Mkonzi, ndipo sanadandaule.

Chomwe chimandidabwitsa n'choti ife a ku Zomba sitingati tikusowa poyambira. Ndende yaikulu ili pompano, chipatala cha odwala matenda a maganizo chili pompano, ndipo m'menemo muli anthu omwe abale awo anawaiwala kalekale, chaka chimatha osamva munthu akuwaitana dzina la kwawo. Mateyu 25 amatchula anjala, odwala, andende, onsewo tili nawo mtunda woyenda wapansi kuchoka kumsika. Koma timakonda zokonza maulendo a patali, basi ya hayala, ndalama zambiri n'kuthera mafuta ndi chakudya cha ife eni ake oyendafe.

Ndisadziyeretse, inenso ndili momwemo. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti cholinga cha moyo wanga ndi shopu ikule, ndimange ku Matawale, ana aphunzire mpaka ku UNIMA, zothandiza ena ndidzayambe ndikadzapeza bwino. Mayi wa ku Chinamwali uja sanadikire kupeza bwino, amagulitsa tomato ndi masamba pakhomo pake, phala lija limachokera m'menemo. Akuluakulu amati chaona mnzako chapita mawa chili paiwe, ine ndinaona ndi maso anga kuti bedi la agogo aja ndi la mayi anga panali kampata kongokwana munthu mmodzi kuimapo.

Mayi anga anatuluka, ali bwino. Agogo aja ndinamva kuti anatsikira kulichete mu July, ndipo nsalu yowafunditsa anagula ndi mayi yemwe uja. Lachinayi likubwerali ndamuuza kuti ndimuperekeza, akuti ndibweretse nkhuni ndi sopo wochapira, foni ndisiye kushopu.

Wowerenga wanu,
Matawale, Zomba